Wachisanu ndi Chimodzi Pamzere

Ndinakwera minibasi pa Wenela
ndi kachitini ka polishi m'thumba,
m'kati mwake kapepala kofiirira, kopinda kanayi:
risiti ya msonkho wa nyumba
ndi dzina lolembedwa mothamanga, Sikisi.

Ndilo ndimasaina kubanki.
Ndilo amaitanira mwana wanga kusukulu.
Koma palibe mayi anayang'anapo khanda lake kumaso
n'kunena kuti, uyu ndi Sikisi.

Ndinatsika pa Lirangwe dzuwa lili paliwombo.
Wakabaza anafunsa, kwa yani?
Ndinati sindikudziwa, tiyeni kaye.

Katekisiti anatulutsa kaundula wa ubatizo
m'kabati yonunkha mileme.
Chiswe chinayamba kuwerenga ife tisanabwere.
Chinadya chaka chonse cha njala,
chinadya theka la maukwati,
n'kusiya m'mphepete mwa masamba
ngati mano a chipeso.

Che Ndembo, womata machubu pansi pa mthethe,
anati: Sikisi? Ndinamumva ndikadali wa kabudula.
Anachokera kuseri kwa Mulanje, kwa Apwitikizi,
wapansi, mkeka pamutu, kuthawa chikoti.
Kuno anapeza chikoti china.
Pamzere wa thangata anali wachisanu ndi chimodzi,
dzina lake linamukola lilime kalaliki,
ndiye anangomuwerenga.

Nanga lenilenilo?
Anamiza chubu m'beseni, kusaka potuluka thovu.
Muhiwa, kaya Muliwa. Kafunseni kuchikazi.

Kuchikazi anati, anali mkamwini ameneyo.
Ife timawerenga mawere, osati atambala.
Anamanga nkhokwe, anabereka ana asanu,
ankatsokomola.
Wina anati usiku ankaimba m'chinenero chakwawo
ndipo ana ake ankamuseka mpaka analeka.
Wina anati ayi, woimbayo anali mnzake.
Anakangana, mkanganowo n'kukhotera ku malire a dimba,
ine n'kuiwalika pampando.

Abiti Saizi anali akusankha nandolo pakhonde,
osayankhulapo, mpaka nditaimirira.
Tayendaninso, anatero.
Ndinayenda.
Phewa lakumanzerelo, lotsikalo,
n'la Ajusa, chitsirizira chake,
ndipo iwo ankati n'la bambo awo.
Tinkayesa ndi matumba a fodya,
nanga inu mwasenza chiyani ku Ndirandeko?

Kumanda salowa chisawawa,
choncho mnyamata wa mbuzi anandiimika panja
n'kuloza ndi chibwano, poti chala saloza nacho.
Obwera amagona chakumapeto uko.
Mitumbira inaphwa kale, mvula inasalaza.
Ndinaona nkhadze, chulu,
ndi mbale zinayi zamalata zoboola pansi,
zovundikira, dzimbiri litadya maluwa ake.
Imodzi mwa izo ndiyo ankadyera.
Palibe wamoyo angandiuze kuti ndi iti.

Ndinavula nsapato.
Ndinati, Muhiwa.
Ndinadikira, n'kuti, Muliwa.
Nyenje sizinaleke kulira.
Kenako chapansipansi, ngati ndikutukwana wamkulu,
ndinati, Sikisi,
poti mwina zaka makumi anayi za kuvomera
zinamuzoloweretsa khutu.

Mnyamata uja anafunsa ngati ndili ndi handiredi.
Ndinamupatsa.

Pobwerera kondakitala anatiwerenga,
folo folo, sunthani pang'ono bwana,
ndipo ndinasuntha.
Lunzu, Kameza, magetsi akuyaka,
kachitini kali pabondo,
kopepuka monga ndinakatengera.

Kunyumba Tiyamike anandichingamira pageti.
Mwawapeza, adadi?
Ndinakhala pa sitepe, fumbi lili m'makutu.
Ndinati, tapita ukatseke mpopi uko.
Anapita akudandaula, buku m'manja,
ine ndikumuyang'ana kumsana,
phewa lakumanzere.